Lachitatu kwa a Nachisale

1.

Yatsani, akutero a Nachisale.

Ndayatsa kale, mayi.

Ndiye funsani, nthawi ikupita.

Foni yanga ili pa kampando pakati pathu, kadontho kofiira kakuphethira. Ine ndine Ndaziona Mlotha, wa chaka chomaliza ku yunivesite. Mayi akhala pamkeka patsogolo pangawa ndi amene amatsogolera azimayi a kuno ku Mwalawoyera pokana kampani yophwanya miyala m'phiri lawo. Kumbuyo kwawo khoma lili ndi mng'alu woti mkono wanga utha kulowamo mpaka m'chigongono. Mu mng'aluwo ndikuona msewu.

Iwo sakuyang'ana ine. Akuyang'ana pakhomo.

2.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, m'kalasi. A Chiwaya, aphunzitsi athu, anati: Aliyense apeze munthu mmodzi womenyera ufulu wa anthu. Mukakhale naye pansi, mukamumvetsere, mudzalembe. Maganizo anu musiye kuno. Kumeneko inu ndinu khutu basi.

Khutu.

Anzanga anasankha anthu a m'maofesi, okhala ndi sekilitale ndi madzi a m'botolo. Ine ndinaona chithunzi pa watsapu: azimayi atakhala phee pakati pa msewu wafumbi, miyendo atatambasula ngati ali pamaliro, tipa yodzaza miyala ya kwale itaima patsogolo pawo, dalaivala atatulutsa mutu pawindo. Pakati pawo panali mayi wochepa thupi, wa duku lakuda, akusenda nandolo m'lichero ngati ali pakhonde pake.

Ndinati, awa. Apa pali malikisi.

3.

Ndinawaimbira. Osati sabata ino.

Ndinaimbanso. Tili ndi maliro.

Ndinaimbanso. Kodi paja mwati ndinu ndani?

Ndinaimbanso, foni inangoitana mpaka kuduka. Ndinayamba kufunafuna munthu wina.

Kenaka Lachiwiri masana, ndili pamzere wa chakudya, mbale m'manja, foni inalira. Anali iwo.

Ndinu mtsikana wa ku yunivesite uja?

Eya, mayi.

Bwerani mawa. M'mawa ndithu, dzuwa lisanakwere. Chojambulira mawu muli nacho?

Ndimajambulira pafoni.

Ikhale ndi moto wokwanira.

4.

Iwe Ndaziona, pakamwa pakopo. Watsika minibasi pa mphambano, wakwera njinga yamoto ya kabaza, bambo wa jekete lachikopa wakufunsa mukupita kwa yani sisi, ndipo iwe m'malo mongoti ku Mwalawoyera wayamba kukhuthula zonse, kwa a Nachisale, aja otseka msewu aja, ndikukawajambula mawu, ndine wa ku yunivesite, ndikufuna nkhani yawo imveke, iye akuti ohoo, akuti chabwino, akuti ndiye mukakhalako mpaka nthawi yanji, iwe ukungoyankha chifukwa mphepo ikukuomba kumaso ndipo ukudzimva ngati mtolankhani, ndiye wakutsitsa pa mtengo wa mango, wamulipira, wayenda pang'ono, wacheuka, munthu uja sanabwerere, waima pomwepo, watulutsa foni, waiika kukhutu, akukuyang'ana

Akuimbira ndani?

5.

Zimene a Nachisale anandionetsa tisanakhale pansi:

khoma la kuchipinda, long'aluka
khoma la kukhitchini, lochirikizidwa ndi mtengo wa bulugama
chitsime chimene chinauma chaka chomwe anayamba kuphulitsa miyala
mpiru wa kudimba, masamba oyera ndi fumbi ngati wina wawaza ufa
mwala waukulu ngati mutu wa ng'ombe, umene unabowola malata a a Nabanda oyandikana nawo n'kugwera pabedi, mwamwayi panalibe munthu
amuna awo, a Lemani, atagona kuchipinda, mbali imodzi ya thupi inafa ndi sitiroko, maso okha akuyenda
mudzi wopanda munthu

Ndinafunsa, kodi anthu ali kuti?

Akwera lole kupita kuboma. Anzathu awiri anamangidwa chifukwa chotseka msewu, mlandu wawo ukulowa lero.

Nanga inu simunapite?

Abambowa ndiwasiyire ndani? Khalani pansi.

6.

Funso langa loyamba: Munayamba bwanji?

A Nachisale akuyankha:

Ine sindinayambe kanthu, mwana wanga. Tinapita kwa akampani, anatipatsa zakumwa zoziziritsa kukhosi. Tinapita kuboma, anati mubwere sabata yamawa. Tinabwerera n'kukhala. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kuchipatala, abambowa ndawakweza pa wilibala, dzuwa lili paliwombo, tipa inatipeza pamsewu. Hutala. Hutala. Kuti tipatuke. Ndipatukire kuti, uku ngalande uku ngalande? Ndinatula wilibala. Ndinakhala pansi. Dalaivala kutukwana, ine phee. Nabanda anatuluka m'nyumba ndi sopo m'manja, ankachapa, anadzakhala pambali panga, osandifunsa n'komwe. Kenaka wina. Kenaka wina ndi mwana kumbuyo. Pofika madzulo msewu wonse unali zitenje zokhazokha, matipa atandandalika mpaka kuphiri. Kuyambira pamenepo anthu akuti Nachisale ndi wolimba mtima. Ine tsiku limenelo ndinangotopa.

Ndikulemba m'mutu: mawu amenewa ndiwo adzatsegule mutu wachinayi wa lipoti langa.

7.

Funso lachiwiri: Kodi mumaopa?

Akweza chala.

Injini.

Si tipa. Tipa imagwedeza nthaka. Iyi ikubwera pang'onopang'ono, ngati ikuwerenga nyumba.

Mu mng'alu muja: pikapu yoyera, yopanda nambala. Yaima pa mtengo wa mango, pamene wakabaza ananditsitsa. Atsika amuna atatu. Wina watsitsa chigubu chachikasu kumbuyo, akuyenda chopendekera, chigubucho n'chodzaza. Wachikhazika m'mphepete mwa bwalo.

Mphepo yalowa mu mng'alu. Petulo.

Ine ndangobwera kudzafunsa.

8.

Mtsikana wa ku yunivesite uja akufuna kudzuka. Akuganiza za amayi ake ku Mchinji amene akudziwa kuti mwana wawo ali m'kalasi. Sanauze munthu aliyense kuti akubwera kuno, kupatula bambo wa jekete lachikopa. Dzanja lake likupita pa foni kuti aizimitse, aibise, ikhale ngati palibe chinachitika.

Dzanja la mayi uja lafika kale. Louma, lotentha, lagwira pamkono.

Musazimitse.

Mayi, tithawe.

Ndi abambowa? Khalani. Pukutani kumaso.

9.

Odi kuno.

Lowani, akutero a Nachisale, ngati akulandira anthu a kumpingo.

Walowa mmodzi, wa malaya abuluu ositidwa bwino, wonenepa, wonunkhira mafuta odula. Awiri enawo atsekereza pakhomo, m'nyumba mwada. Wina wa iwo wapachika chikwanje paphewa ngati akupita kumunda.

Mwadzuka bwanji, mayi?

Tadzuka, kaya inu.

Ifenso. Abwana akufuna mucheze nawo pang'ono. Galimoto ili panjapo.

Abwana ake ati?

Mukawaona. Simuchedwa ayi.

Nanga chigubucho n'cha chiyani?

Waseka. Ndiye wandiona. Waona foni pa kampando, kadontho kofiira.

Uyu ndani?

Mlendo wanga, akutero a Nachisale. Wa ku yunivesite. Zonse tikulankhula panozi zikumveka kumeneko, pompano pano. Mwalowa mu wailesi, achimwene. Tchulani maina anu, akumveni bwino.

10.

Zimene ndinkadziwa ine ndekha m'nyumbamo:

bandulo yanga inatha dzulo
intaneti inathera pa mphambano
palibe akumva
a Chiwaya ali mu msonkhano kapena akudya chipisi
palibe akumva
foni ikungosunga mawu m'mimba mwake, ndipo foni imapsa
palibe

11.

Waitola. Zala zake zonenepa zagwira foni yanga imene galasi lake linang'aluka pakona, waiyandikiza kumaso, manambala akuthamanga, kadontho kakuphethira, ndipo ine ndikuyang'ana pamwamba pa galasilo pamene pakanakhala timivi tiwiri ta intaneti koma palibe, akangoyang'ana pamenepo basi, akangotsitsa chala basi, ndikumva a Lemani akupuma kuchipinda ngati munthu wokoka thumba, ndikumva ntchentche, ndikumva wa chikwanje uja akuyasamula, ndipo wa malaya abuluu akukweza maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna adzandikumbukire

Sisi, akumva ndani?

Ine ndangobwera kudzafunsa, ndiwo mawu amene ali pa lilime. Koma atuluka ena.

Aphunzitsi anga. Ndi kalasi yonse.

Angati?

Holo yodzaza.

Mawu anga atuluka opyapyala ngati a mwana wa sitandade wanu. Ndawerama pang'ono kuloza ku foni ili m'manja mwake.

A Chiwaya, mukutimva bwino kumeneko? Kwabwera alendo atatu ndi pikapu yoyera.

12.

Saireni.

Kuphiri akuchenjeza kuti aphulitsa. Tonse tikudikira, ngakhale amuna aja.

Ndiye.

Nthaka yadumpha. Malata alira. Dothi lagwa kuchokera mu mng'alu, lathira pa malaya abuluu aja, paphewa ponse mbuu. Kuchipinda a Lemani akuwa, liwu lopanda mawu, lalitali.

Mwamva, ana a sukulu? akutero a Nachisale mokweza. Ndi mmene timakhalira kuno.

Bamboyo wabweza foni pa kampando, mosamala, ngati dzira. Wasasa phewa. Watulutsa foni yake n'kundijambula chithunzi. Kawiri.

Dzina?

Maina onse a padziko lapansi andithawa. Latsala limodzi.

Ndaziona Mlotha.

Mumagona hositelo iti?

Funsani aphunzitsi ake, akutero a Nachisale. Akukumvani.

Wamwetulira. Tangodutsa kudzapereka moni, mayi. Tidzacheza mlendo akapita.

Chigubu achikwezanso. Pikapu yachoka pa mango paja chafutambuyo.

13.

Ndinasanza kuseri kwa khitchini. A Nachisale anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki, analowa kuchipinda kukatembenuza amuna awo, ndinawamva akuwanyengerera ngati khanda.

Ndinati ndikupita.

Ayi. Mudikire lole ya anzanga ibwere.

Ndinadikira. Tinakhala pakhonde, poonekera. Anandiuza ndigwire foni m'manja, m'mwamba pang'ono. Moto unatha masana koma anati igwirenibe. Mafunso anga ena onse sindinafunse. Iwo anasenda nandolo.

Lole inafika dzuwa litapendeka, azimayi akuimba, mlandu auimitsa kaye. A Nabanda ndi ena anayi anandiperekeza wapansi mpaka pa mphambano, ine pakati.

14.

Mapikapu oyera a mumzinda uno:

ina pa geti la yunivesite, yodzaza mabuloko
ina kumsika, mkati muli mayi ndi ana
ina kumbuyo kwa minibasi yanga kuchokera ku depoti mpaka pa sitolo ya mankhwala, kenaka inakhota
ina yoima pansi pa jakaranda pafupi ndi hositelo, magalasi akuda, tsiku lonse
ina yomweyo mawa lake
kapena ina

Nambala ndimayang'ana kaye ndisanapume.

Ine ndinangopita kukafunsa.

15.

Mu ofesi ya a Chiwaya. Amvetsera zonse, mahedifoni m'makutu, kuyambira pa Yatsani mpaka pa Tidzacheza. Pamene dzina lawo latchulidwa, atsinzina.

Munanena kuti ine ndikumva.

Eya, sala.

Munatchula dzina langa.

Linali lokhalo limene ndinalipeza.

Avula mahedifoni, awapinda bwinobwino. Akuti mu lipoti dzina la mayiyo musinthe, mudzi musinthe, phiri musinthe. Lamulo la kafukufuku ndi loti woyankha mafunso atetezedwe.

Nanga wofunsa?

Adzuka. Atseka chitseko. Abwerera pampando.

Ndaziona, kwanu ndi ku Mchinji, eti? Pitani mukaone amayi masiku angapo. Za tsiku lopereka lipoti musadandaule.

Ndiye akuwonjezera, motsitsa mawu: Anafunsa kuti Chiwaya wake uti?

16.

Mu laibulale, masana. Nambala yachilendo.

Halo.

Ndaziona Mlotha?

Eya.

Chabwino. Timangofuna tidziwe ngati nambala ndi yomweyi.

Yaduka.

Iwe wakhala pomwepo pakati pa mashelefu, anzako akulemba, wina akutafuna chingamu, ndipo ukubwerera pa njinga yamoto paja mobwerezabwereza, kwa a Nachisale, aja otseka msewu aja, mukakhalako mpaka nthawi yanji, ndiwe unawalozera khomo, ndiwe unawauza kuti lero ali pakhomo, mayi wa mwamuna wodwala amene anakulandira n'kukuonetsa khoma lake, ukanangotseka pakamwa chigubu chija sichikanafika pabwalo pawo, ndipo ngati afikanso usiku wina iwe uli ku Mchinji ukudya mbatata, udzamva pa watsapu, chithunzi cha phulusa, udzachikulitsa ndi zala kufunafuna duku lakuda

Ku Mchinji sindinapite. Ndinakwera minibasi ya ku mphambano. Kabaza sindinakwere, ndinayenda wapansi, matipa akundithira fumbi. Nyumba inalipo. Pabwalo panali azimayi ambiri, ena akuphika, ena atangokhala. A Nachisale anandilowetsa m'nyumba. Ndinagwada.

Mayi, ndabwera kudzapepesa. Anthu aja ndinawabweretsa ndine. Ndinalongolola kwa wakabaza.

A Nachisale anati:

Foni ili ndi moto? Yatsa.

17.

A Nachisale:

Dzuka, khala pampando. Wakabaza musiye, alibe mlandu. Iwenso ulibe.

Ine ndinadziwa Lachiwiri m'mawa. Kuli mayi wina amaphikira alonda a kukampani, dzina lake sindikuuza ngakhale uzimitse chinthuchi. Anabwera ngati akudzagula tomato. Anati mawa anzanu akakwera lole ya kukhoti, kubwera anthu. Akakupezani akutengani. Akapanda kukupezani ayatsa nyumba.

Abambowa sangayende. Wilibala inathyoka. Ndipo ndikanati anzanga asapite kukhoti, awiri aja akanaima okha pamaso pa woweruza, kampani ikanati onani, anthu awo omwe awataya.

Ndinaimbira apolisi, anati galimoto ilibe mafuta. Ndinaimbira abusa, anali ku msonkhano wa mpingo kutali. Ndinaimbira mtolankhani wina amene anatijambulapo, anati chikachitika mundiuze. Chikachitika. Ndinaimbira loya wathu, anati ali kukhoti konko ndi anzathuwo, sangagawike. Ndinakhala pamkeka pomwepa, ndikutsitsa maina pafoni, kutsitsa, kutsitsa, mpaka ndinafika pa dzina limene ndinalisunga kuti Mtsikana Wovuta.

Anthu ngati aja saopa Mulungu, saopa ine. Amaopa mwana wa eni ake, amene akasowa anthu amamufunafuna. Ine ndikasowa, afunefune ndani? Nabanda.

Utatulukira pa mango paja, kachikwama kumsana, nsapato zoyera, ndinaona kuti ndiwe mwana. Wocheperapo kuposa wanga womaliza. Mtima unati muuze abwerere. Pakamwa panati takulandirani. Ndipo masana onse aja pakhonde, sikuti ndinkakusunga kuti ufike bwino kwanu. Pikapu inali itaima kuseri kwa chigayo. Ndinkaiona. Iwe sunkaiona.

Sindikupepesa, chifukwa ndikapepesa ndiye kuti ndikunena kuti sindikanachita. Ndikanachita. Nyumba iyi ilipo. Abambowa akupuma. Koma chithunzi chako chili m'foni ya munthu uja chifukwa cha ine, ndipo zimenezo ulembe, usasinthe. Ulembe kuti Nachisale wolimba mtima uja anabisala kumbuyo kwa mwana wa mnzake.

Tsopano tamvera. Mlandu ukulowanso Lachisanu. Lole inyamuka m'mawa, mudzi utsala mbee. Mayi wophika uja wabweranso dzulo kudzagula tomato.

Ulendo uno ndakuuza.

Usayankhe msanga. Imwa kaye madzi.